Tsiku Limene Huta Inaliranso

Fungo la polishi wa nsapato limandibweza ku Kafue Estates, pakhonde la nyumba yathu, m'chilimwe cha chaka chomwe ndinali mu giredi folo. M'mawa uliwonse atate ankakhala pakampando n'kumapukuta majombo awo a kuntchito mpaka kuwala, chonsecho fakitale ya nsalu yomwe ankagwirako inali itatsekedwa kalekale. Ovolosi yawo inkakhala kuseri kwa chitseko, yositasita bwino. Akamaliza ankapemphera, ndipo pempho linali limodzi lomwelo: huta, lipenga lija loitanira anthu kuntchito, ilirenso.

Amayi anali atatopa. Tomato ndi kapenta zomwe ankagulitsa pamsika sizinkatikwanira, ndipo ankafuna tibwerere kumudzi ku Petauke mvula isanagwe. Ine kumudziko ndinali ndisanapondeko, ndipo kupitako kunali kusiya sukulu ndi anzanga onse. "Batate ba Tisa, majombo sitingadye," ankatero amayi, powaitana ndi dzina langa. Atate ankangoti, "Mulungu sachedwa." Ine ndinali mbali ya atate, osati kuti ndinali wopemphera kwambiri ayi, koma ndinkaopa khasu.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, ndikugenda mango osapsa kuseri kwa nyumba, huta inalira. Mwala unandigwa m'manja. Agalu anauwa, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana nafe anataya beseni la zovala n'kuyamba nthungululu, akufuulira atate. "Ba Tembo, mwamvela? Yalila! Mulungu wayankha!" Atate anavala ovolosi mabatani atasemphanitsa. Ngakhale amayi, omwe anali atabwera kudzaphika, anagwada pafumbi manja ali m'mwamba. Msewu unadzaza ndi abambo ovala maovolosi ofwifwa, ena akuwathina pamimba, ena akuwakhwepa, onse akuthamanga. Ine ndinawatsatira wopanda nsapato, phula likundiwotcha mapazi.

Pageti la fakitale tinapeza malole. Anthu achilendo anali kukweza makina oduladula ngati nyama ya pabutchala, ndipo padenga munthu wina anali kumasula huta ija ndi sipanala. Mlonda, mnzawo wakale wa atate, anayang'ana pansi. "Ba Tembo, aba ni bogula visulo vakale. Benze kuyesa chabe ngati ikali kusebenza."

Apo tinamvetsa kuti ogula zitsulo zakalewo anangoiliza poyesa ngati ikugwirabe ntchito. Munthu wina anaseka pang'ono, n'kuleka. Ndinayang'ana atate ndipo ndinaona misozi yawo ikusakanikirana ndi thukuta. Ndinali ndisanawaonepo akulira, ndipo ndinagwidwa mantha aakulu. Mumtima ndinati Mulungu watiseka pamaso pa Estates yonse. Tinabwerera kunyumba, ndipo nshima ya tsikulo inazizirira m'mbale.

M'mawa mwake fungo la polishi linandidzutsanso. Ndinadzidzimuka kuposa dzulo lake, ndinati basi, atate mutu wasokonekera. Anapukuta majombo monga mwa masiku onse, anapemphera, koma huta sanaitchule. Kenako anawavala, anamanga dengu panjinga yobwereka, n'kupalasa ulendo wa ku Chanyanya kukapikula nsomba kwa asodzi. Anabwerako madzulo, majombo aja ali matope okhaokha, akununkha mamba. Amayi anagwada, anawavula okha, n'kuwatsuka pampopi. Mvula inagwa tili mu Kafue momwemo, ndipo za ku Petauke sizinamvekenso.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti chikhulupiriro cha atate chinakwera lole limodzi ndi makina aja, poti huta inasowa m'mapemphero awo. Lero nanenso ndadikirapo zinthu zomwe sizinabwere, ndipo ndimaona kuti palolepo panakwera huta yokha. Atate sanasiye kunena kuti Mulungu sachedwa mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Kungoti kuyambira chilimwe chimenecho, ankanena mawuwo phazi lili kale papedulo.