Tsitsi la Achimwene Lakula

Anzanga, ine mwamuna ameneyu ndinamudziwira pa tsitsi la achimwene anga.

Achimwenewo, amene kwathu timawatchula kuti a Bigi, anabadwa ndi Down syndrome, vuto lija lochedwetsa kukula kwa thupi ndi nzeru. Ndi aakulu kwa ine, koma kulira kwa mashini ometera amakuopa zedi. Ometa onse a mumsewu wathu anatopa nafe, wina anachita kutiuza pamaso kuti tikumuthawitsira makasitomala.

Tsiku lina tinalowa m'kabarbershop katsopano, ka mpando umodzi ndi galasi long'aluka pakona. Mnyamata wa mmenemo anawayang'ana a Bigi akunjenjemera, n'kuzimitsa mashini, n'kutenga sizasi. Anawapatsa chipeso kuti agwire, akuti iwo ndiwo abwana, iye ndi waganyu chabe. Anawameta pang'onopang'ono uku akucheza nawo za mpira.

Potuluka a Bigi anamugwira dzanja. "Zikomo alamu."

Ine manyazi! Iye kuseka.

"Mwamva sisi? Akuluakulu agamula kale."

Basitu, mtima wanga unagwera pomwepo...

Loweruka lililonse tinkapita, ngakhale tsitsi lisanakule. Chipeso chija anawapatsiratu. Ine ndinkadziuza kuti munthu wokonda a Bigi chonchi sangandigwiritse fuwa lamoto.

Chibwenzi chinayamba choncho. Nditaima, mnyamatayo anasangalala mpaka kuvina ndi tsache m'manja. Ankati mwana wake sadzalipirapo kometetsa moyo wake wonse.

Kusikelo ananditenga magazi, kenako scan. Tsiku lokamva zotsatira tinapita limodzi ndi mwini mimbayo. A nesi anatilowetsa m'kachipinda, n'kutseka chitseko. Anati zikuonetsa kuti mwana akhoza kubadwa ndi Down syndrome. Anabwereza kuti uku n'kuyeza koyamba chabe, sikutsimikiza kanthu, pali kwina kumene kudzanene zenizeni.

Ndinalira, sindinama. Ndikudziwa mmene mayi anga anayendera m'zipatala ndi vuto la mtima la a Bigi. Koma pansi pa mtima ndinkati, bola ine ndili ndi munthu amene zinthuzi si zachilendo kwa iye.

Iye anafunsa funso limodzi lokha.

"Zimenezi zimayenda m'magazi a kwawo eti?"

A nesi anati nthawi zambiri ayi, zimangochitika, ndipo zingagwere banja lililonse. Iye anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawuwo alowera khutu ili n'kutulukira linali.

Kuchokera pamenepo foni inayamba kuvuta. Busy, busy, network. Kenako mayi ake anandiimbira, osati kudzandipepesa ayi, koma kufunsa ngati kwathu kuli enanso "otere".

Otere!

Ndinapita kushopu. Ndinamupeza akusesa tsitsi, osandiyang'ana n'komwe.

"Si iwe unkati a Bigi ndi m'bale wako?"

Anaimika tsache.

"Babe, usandimve molakwa. Kumeta munthu n'kanthawi kochepa, ukamaliza amapita kwawo. Uyu sadzapita kwawo."

Ndinamupempha kuti tidikire kaye kuyeza kwachiwiri. Anati ndidzamuuze zikatuluka, zikakhala bwino tidzakambirana.

Mwamva anzanga? Chikondi chake chikudikira zotsatira za ku labu.

Kukayezetsa kachiwiriko ndinapita ndi mayi anga. Pabenchi anandigwira dzanja n'kundiuza kuti tsiku limene a Bigi anabadwa analira kuposa ine, koma lero akafunsidwa mwana amene sanawapweteketsepo mtima, amatchula iwowo. Ndinaseka misozi ili m'maso, chifukwa apa amandinena ine.

Zotsatira sizinatulukebe. Mantha ndili nawo, masiku ena chakudya sichilowa. Koma chimodzi ndatsimikiza: zibwere zabwino, zibwere zovuta, wometa uja sadzazimva kwa ine. Mwana wanga si malaya oti uyambe wayesa kaye usanatenge.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi a Bigi. Tsitsi lawo lakula. Ndinagula sizasi, koma akukana, akuti ine sindidziwa.

Loweruka lapitali ndinawapeza pakhonde atavala malaya awo abwino, chipeso m'manja. Anandisisita pamimba monga amachitira, kupereka moni kwa mwana ali m'mimbamo, kenako anandiyang'ana.

"Alamu atsegula?"

Anzanga, munthu akamakomera mtima m'bale wanu, muyambe mwafunsa ngati angatero atakhala wake. Ine sindinafunse.

A Bigi ndinawauza kuti shopu ndi yotseka. Anati palibe vuto, adikira.