Kufunafuna Rehani

Kuno ku Mbamba Bay kuli abambo ena achikulire amene amasesa theka lokha la khonde. Theka linalo amasiyira mayi Yusta, omwe anali akazi awo mpaka chaka chatha. Khoti litathetsa banja linati nyumba agawane pakati, ndiye mkuluyu analemba mzere ndi khala kuyambira pakhomo mpaka kuseri. Amakonda kunena kuti, "Kwathu ku Nkhotakota mkamwini amangopinda mphasa yake n'kumapita. Zogawana zipupazi ndazionera kuno."

Chiswahili amadziwa chamumsika basi. Tsiku lina anapita ku ofesi ya za malo kukapempha chikalata cha theka lawo, kalaliki n'kuwauza kuti, "Nyumba iko rehani." Iwo anamva kuti nyumba ili m'manja mwa munthu wina dzina lake Rehani.

Anatuluka mutu utaima. Rehani ameneyu ndani? Anafunsa kudoko, anafunsa kutchalitchi, mpaka anakafika ku Lipingo atamva kuti kuli telala wa dzina limenelo. Telalayo analumbira kuti mayi Yusta sawadziwa n'komwe.

Pomaliza anadzaima pamzere wawo uja. "Mayi, ndiuzeni zoona. Rehani wanuyu munadziwana naye liti, mpaka kumupatsa nyumba?"

Mayi Yusta anaika lichero pansi. "Rehani si munthu, bambo inu, ndi chikole. Si inu munadinda chala kubanki tikugula injini ya boti?"

Mkuluyu anayang'anitsitsa chala chake, kenako mzere uja.

"Ndiye theka langa ndi lanu lomwe, zonse n'za banki?"

"Mpaka ngongole idzathe."

"Nanga ine masiku onsewa ndakhala ndikusesera ndani?"