Wopenta Amene Anaphunzira Kupaka Dzimbiri

Ine ndayenda, abale. Ndege ndakwera mpaka kutopa nazo, koma munthu wosagonja ngati mlamu wanga sindinamuone kwina kulikonse.

Mlamuyo anali wopenta magalimoto. Galaja yomwe ankagwirako ntchito itatsekedwa, kulikonse ankamuuza kuti wakalamba. M'nyumba ya lendi anatulutsidwa, iye ndi mchemwali wanga n'kumagona pabalaza panga.

Tsiku lina ndinamupatsa chithunzi chimene ndinagula paulendo wanga wina, cha sitima yankhondo yoyenda pansi pa nyanja. Anachiyang'anitsitsa, kenako anatola paipi yapulasitiki, zitini ndi mawaya. Anadula, anamata, anapala ndi sandipepa mpaka zala kuchita matuza. Panatuluka sitima yotalika ngati mkono, yonyezimira moti mutha kumetera ndevu.

Nyumba yosungira zinthu zakale inkafuna munthu wopanga zifanizo zoterezi. Mlamu atapita nayo sitima ija, woyang'anira nyumbayo, mkulu amene anakulira m'sitima zapamadzi, anaizungulira n'kuseka.

"Bambo, imeneyi ikuchokera kunkhondo kapena ikupita kuukwati? Dzimbiri lili kuti? Mubwerenso Lolemba, apo ayi tipeza wina."

Mlamu anabwerera nkhope itagwa. Moyo wake wonse ankabisa dzimbiri, lero alipake dala?

Koma ndani angalidziwe dzimbiri kuposa munthu amene walimbana nalo mpaka imvi? Ankadziwa pomwe limayambira: m'mphepete mwa zitseko ndi m'munsi mwa mabowo otulukira madzi. Anapala msomali wakale, ufa wake n'kusakaniza ndi vanishi. Anatsitsa mizere yofiirira m'mbali mwa sitimayo, penti n'kuikanda ndi singano.

Mchemwali wanga atalowa anagwira pakamwa. "Bambo a ana, mwapenga? Imani nditenge kansalu ndipukute!"

"Mukangoikhudza, mayi, mukagona kwa achimwene anu!"

"Nanga panopa tikugona kwa yani?"

Lolemba mkulu uja anawerama, anayang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anapukuta m'maso. "Ndikumva fungo la dizilo ndi mchere. Muyambe mawa."

Lero mlamu ali ndi tebulo lake la ntchito ndiponso nyumba yake, pabalaza panga papuma. Ine ndikapita ndi alendo kukaona sitimayo, ndimadziguguda pachifuwa: "Chithunzi chinali changa!"

Inu amene moyo wakukandani, musachite manyazi ndi zipsera zanu. Osataya mtima, dzimbiri lanulo mwina ndi limene lidzakulembetseni ntchito.