Mapiritsi m'chitini cha polishi

Inu amene mwagwira m'masaya, chotsani kaye manjawo, masaya angaphwe. Ndikuuzeni za mwana wa mchimwene wanga, wosoka nsapato pakhonde la sitolo ya utoto, amene anthu amamutcha Belu.

Chaka chatha munthuyu anafika pothera. Ankasinza singano ili m'manja, maso atayamba chikasu. Tsiku lina anamata soli yakumanzere pa nsapato yakumanja, mwini wake n'kuchoka akuyenda ngati nkhanu. Makasitomala anayamba kudutsa benchi lake ngati sakumuona, kupita kwa wosoka wina kuseri kwa msika.

Chomupweteka kwambiri, Belu sanali munthu wosewera ndi mankhwala. Zaka khumi ndi zitatu akumwa ma ARV, seveni koloko m'mawa uliwonse foni yake inkalira ngiri-ngiri, iye n'kumeza piritsi pamaso pa aliyense. Dzina la Belu linachokera pomwepo. Kuchipatala, wobwera kumene akamalira pamzere, anesi ankati, “Kakhaleni pafupi ndi a Belu.” Ulaliki wake unali umodzi: “Mankhwala a kachilombo satha. Wosiya wadzikumbira yekha.” Sankanena zakumva. Anzake awiri omwe anayamba nawo limodzi anasiyira panjira, ndipo maliro awo anawanyamula ndi phewa lake.

Nanga tsopano kufookaku kwachokera kuti? Anapita kukayezetsa.

Adokotala anayang'ana pepala nati, “Bambo, m'magazi mwanu tapezamo kachilombo kena.”

“Kena? Kakale kaja kaswa?”

“Ayi, aka si kachibale kake n'komwe. Kamayambitsa matenda a chiwindi otchedwa hepatitisi C. Kamalowa kudzera m'magazi, monga pa lezala kapena singano yomwe yakhudza magazi a wina. Kakalowa kamadya chiwindi pang'onopang'ono, zaka zambiri mwini wake osadziwa.”

Belu anagwira mimba kumanzere modzimvera chisoni.

“Chiwindi chili mbali inayo, bambo.”

Anasamutsa dzanja.

“Koma mverani zabwino,” anatero adokotala. “Aka kamachizika. Piritsi limodzi patsiku, miyezi itatu. Mabotolo atatu, mwatha. Ma ARV musasiye. Tingokusinthirani kaye mtundu, chifukwa omwe mukumwawa sagwirizana ndi atsopanowa, angamakangane m'mimba ngati akazi apamitala. Mowa ayi. Zitsamba musamwe musanatifunse.”

Belu anagwedeza mutu ngati wamva. Sanamve. Kufunsa anachita manyazi, pajatu iye ndi mphunzitsi wa pamzere.

Panjira mutu unasokonezeka. Kachilombo n'kachilombo, mankhwala ake angathe bwanji? Ndiye anakumbukira mmene iye mwini amachitira. Munthu akabwera ndi nsapato yotheratu, yoti ngakhale galu sangaitole, Belu samuuza kuti kataye. Amapaka kaguluu pang'ono, n'kunena mwaulemu, “Iyi ikuperekezani miyezi itatu.”

Anaima pakati pa msewu, njinga n'kumuimbira belu Belu mwini wake.

“Ohoo,” anadziuza. “Adokotala aja andimata kaguluu.”

Kunyumba sanaulule maganizowa. Ma ARV atsopano anayamba kumwa bwinobwino, ndipo nthawi itakwana anapatsidwa botolo loyamba la mankhwala a chiwindi. Masabata atatu anameza monga anauzidwira. Koma m'mawa wina anasuzumira m'botolo naona pansi payamba kuoneka. Anayamba kuwerenga otsala.

Muziwadziwa osoka nsapato, ana inu. Kwa iwo palibe chotha. Ulusi amaung'amba pawiri, msomali wopindika amauwongola, guluu wouma amamunyengerera ndi dzuwa. Belu anawerengera mwa nzeru zake zapabenchi: miyezi itatu ukaidula pakati imakhala isanu ndi umodzi. Anapukuta mpeni wodulira zikopa pa buluku, naika piritsi pathabwa, khe! Theka mkamwa, theka m'chitini chakale cha polishi.

Anachita zimenezi masiku anayi, akudziona ngati wapusitsa imfa. Sankadziwa kuti akupusitsa chiwindi chake chomwe.

Mulungu amatuma anthu odabwitsa. Kwa Belu anatuma mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, mlonda wa pasitolo ya nsalu, munthu amene sanagulepo polishi chibadwire. M'mawa uliwonse akaweruka ankakhala pabenchi n'kupolisha jombo zake ndi polishi wa mlamu, kwinaku akudandaula kuti ndi wouma.

Tsiku lachisanu mlamuyo anatola chitini cholakwika.

“Alamu, polishi wa masiku ano akubwera wa mibulu?”

“Siyani icho, alamu!”

“Iyayi, dikirani. Awa si mapiritsi? Mwayamba kugulitsa mankhwala a nsapato zodwala?”

“Ndikusinira,” anatero Belu chapansipansi. “Andipatsa a miyezi itatu yokha. Akatha, inenso ndatha.”

Mlamu uja kuseka kunamuthera. Ananyamuka jombo imodzi yowala, ina yafumbi, nakaitana mlongo wake kumsika.

Mkazi wa Belu anafika epuloni ya ntchito ili m'chiuno. Sanakalipe. Akazi akapanda kukalipa, thawani.

“Bambo, nyamulani chitinicho. Tiyeni.”

“Nanga benchi?”

“Likusokereni lokha.”

Kuchipatala anapeza anesi aakulu aja, omwe akhala akumupatsa ma ARV zaka zonsezi. Anatsegula chitini, nayang'ana timatheka tinayi tonunkha polishi, nayang'ana Belu.

“A Belu, inuyo? Mphunzitsi wathu?”

“Anesi, tisanamizane,” anatero Belu. “Inu nomwe munandiphunzitsa kuti mankhwala a kachilombo satha. Lero mukuti awa atha pa miyezi itatu. Ndiye ndimvere ziti? Ngati mwanditaya, ingondiuzani. Ine nsapato yakufa ndimaidziwa.”

Anesi anawerama, navula nsapato yawo yoyera, naiika patebulo.

“Iyi anasoka ndani?”

“Ine. Chaka chatha.”

“Munasoka theka, n'kusunga ulusi wa mawa?”

“Aa, ikanakanuka musanafike pageti.”

“Mutamaliza kusoka munatani?”

“Ndinamanga mfundo, n'kudula ulusi.”

“Munadula chifukwa choti mwaitaya nsapatoyo?”

Belu anayang'ana nsapato, nayang'ana mkazi wake.

“Chifukwa ntchito yatha,” anayankha pang'onopang'ono.

“Eya. Nanga polishi ndimapaka kangati?”

“Tsiku lililonse. Mukadumpha imatuwa.”

“Basitu. Ma ARV ndi polishi, tsiku ndi tsiku, moyo wonse. Awa a chiwindi ndi kusoka. Mumasoka mzere wonse ndi ulusi wathunthu, kenako mfundo. Mukamamwa theka, kachilombo sikafa, kamangozunguzika n'kudzukanso. Pamenepo ndiye chiwindi chingapitirire kuwonongeka.”

“Ndiye ndaononga?”

Funso limenelo analitengera kwa adokotala. Iwo anafunsitsa masiku omwe anadula, nati mwayi wake n'ngwakuti zadziwika msanga. Anamuuza kuti ayambirenso kumeza athunthu tsiku lomwelo, namubwezera mapiritsi m'malo mwa onunkha polishi aja. Ngati achira kapena ayi, anati magazi ndiwo adzanene kumapeto.

Kuyambira pamenepo seveni koloko inakhala ndi alonda. Foni ikati ngiri-ngiri, mlamu ankalanda mpeni n'kuukhalira. Mayi wogulitsa makala kutsidya kwa msewu ankakuwa, “Lathunthu, a Belu?” Iye n'kukweza piritsi m'mwamba kuti aliyense alione. Masiku ena mutu unkawawa, masiku ena thupi linkalemera, koma sanadumphe. Achibale ena anabwera ndi mabotolo a zitsamba, ati zotsuka chiwindi. Mkazi wake anawayankha, “Chiwindi si mbale. Bwererani nazo.”

Piritsi lomaliza analiyang'ana nthawi yaitali asanameze. M'mawa mwake, mwa chizolowezi, anatenga botolo lopanda kanthu n'kukaima pamzere.

“Mwadzatani, a Belu?”

“Kudzatenga ena.”

“Ena ati? Pitani kwanu. Mubwere pakatha miyezi itatu, tidzayeze magazi.”

“Miyezi itatu inanso, osamwa kanthu? Tikukapatsa mpata kachilombo kapume?”

“Tikufuna tione ngati mfundo yagwira.”

Miyezi imeneyo ndiyo inali yaitali. Foni ikalira, dzanja linkafuna mabotolo awiri n'kupeza limodzi. Akamva kulasa m'mimba ankagwira, kumanja tsopano, n'kumvetsera ngati muli munthu. Koma tulo ta masana tinatha, chikasu chinachoka m'maso, ndipo soli yakumanzere inabwerera kumanzere. Bambo woyenda ngati nkhanu uja anabweranso ndi nsapato zitatu.

Tsiku la zotsatira anapita atatu pamodzi ndi mkazi wake, mlamu atapolisha jombo zonse ziwiri.

“Kachilombo ka chiwindi sikakupezeka,” anatero adokotala. “Mwachira.”

“Kapita kuti?”

“Katha.”

“Kutha kwenikweni? Nanga kakale kaja?”

“Ako kalipo, koma kagonekedwa. Ma ARV pitirizani. Ndipo musamale, aka ka chiwindi munthu angakatengenso. Lezala, singano, chilichonse chokhudza magazi, musabwerekane ndi munthu.”

“Mwamva, alamu?” anatero Belu. “Lezala langa lija mulisiye.”

“Polishi sanamutchule,” anayankha mlamu.

Mkazi wake anali atabisa nkhope m'mpango, mapewa akugwedera.

Lero mukapita pamzere uja mumupeza Belu akulalikabe, koma ulaliki unakula. “Alipo mankhwala osatha, aliponso okutha. Ukasokonezeka funsa anesi, usafunse mpeni.” Botolo lomaliza lija sanataye, mukudziwa kale. Amasungiramo misomali.

Ndiye inu amene mwauzidwa kuti pamwamba pa mtolo wanu pabwera wina, mutu n'kuzungulira, musadziweruze nokha kuti ndinu nsapato yakufa. Ine sukulu ndinangoisuzumira pawindo, koma ichi ndikuchidziwa: wofunsa sasochera. Kayezetseni, funsani mpaka anesi avule nsapato, mezani lathunthu mpaka lomaliza. Osataya mtima, ana inu. Ndipo mpeni usiyireni zikopa.