Malaya Oyera a Ecki

Eckhard Wischnewski, amene tonse m'tauni yathu ino ya Bottrop timangomuti Ecki, anasewera mpira kumbuyo m'timu yathu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osagoletsa n'kamodzi komwe. Pepani, kamodzi anagoletsa, koma pagolo lathu lomwe, goloboyi wake ndili ine. Ankatuluka mu mgodi wa malasha n'kubwera kudzakhwekhwereza maondo pabwalo lathu lopanda udzu, lothiridwa phulusa lofiira. Phulusalo likadali m'maondomo. Akalawa mowa amapinda buluku n'kumationetsa ngati mendulo.

Bondo litakana, anakhala mphunzitsi wa timu, ine n'kuyamba kuotcha masoseji pageti. Nzeru zake za mpira n'ziwiri basi: "Thamangani!" ndi "Iwe, thamanga!" Koma malaya athu oyera ankawala kuposa a timu iliyonse, chifukwa mkazi wake Waltraud ankawachapa Lolemba lililonse kwa zaka makumi atatu.

Chaka chatha Waltraud anachitidwa opaleshoni ya chiuno, madokotala n'kumutumiza kumalo ochirira milungu inayi. Ponyamuka anamuloza Ecki chala: "Ndikangomva kuti zakukanika, ndikubwerako, kuchira kaya kusachira." Mayiyo sanena zocheza, ndipo Ecki ankadziwa kuti akabwera msanga chiunocho sichipola bwino.

Ndiye anachapa yekha. Zonse anaponya m'makina, madzi owira, pamodzi ndi sikafu yake yofiira. Lamlungu malaya anatuluka m'chikwama ali apinki ngati soseji yosaotcha.

"Ecki, lero tikusewera mpira kapena tikukavina?" anafunsa Bodo, kaputeni wathu.

Ecki sanaseke. "Anyamata, wa nyuzipepala wabwera ndi kamera. Waltraud tsamba la masewera salidumpha."

Kunja kunali chimvula. Bodo anavala malaya aja, kutuluka, n'kudziponya chafufumimba pa phulusa lonyowalo. Enawo anatsatira, kugubuduka ngati nkhumba, mpaka pinki yense anabisika m'matope ofiira. Timu inayo inatichinya zinayi ife osabweza, koma pachithunzi tinatuluka ngati ngwazi.

Lachiwiri tili kubwalo, Waltraud anaimba. Mgodi unamugonthetsa Ecki khutu, choncho foni yake amaikweza kwambiri, timamvera tonse.

"Chithunzi ndachiona. Makolala, Ecki. Makolala ndi apinki."

Ecki anayang'ana sikafu yake, Waltraud n'kupitiriza:

"Usanjenjemere, sindikubwera. Munthu wokhala ndi zitsiru khumi ndi chimodzi zomugubudukira m'matope sangafe m'milungu itatu yatsalayi. Koma sikafuyo uzichapa payokha, wamva?"

"Ndamva, mayi," anatero Ecki, akupukuta m'maso ndi sikafu yomweyo.