Tsiku lomwe ndinameza vinyo wa ku Sipeini

Sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Aphunzitsi ananditcha mbuli pamaso pa anzanga, ine ndinatola sileti yanga osabwereranso. Bambo anga, mkulu wa mpingo, sanachulutse mawu: ndikapanda kupeza ntchito mvula isanagwe, ndikalowa kuesiteti ya fodya. Msuweni wanga anabwerako kumeneko ndi chifuwa chosatha.

Ntchito ndinaipeza kumishoni ya Akatolika kufupi ndi Nambuma, yosesa m'sitolo yosungira katundu. Anati andiyesa mwezi umodzi. Inali nthawi ya nkhondo yachiwiri ya Azungu, vinyo wa Misa yemwe anazolowera atasiya kubwera. M'malo mwake kunafika mgolo wa vinyo wofiira wotchipa wa ku Sipeini.

Woyang'anira sitoloyo anali mzungu wokalamba, tinkangoti abulazala. Anandipatsa paipi ya labala yopopera vinyo mumgolomo kuti ndidzaze mabotolo.

"Yamwa mpaka vinyo atsike. Ulavule, kenako ulowetse paipi m'botolo."

Masiku amenewo lamulo linkaletsa munthu wakuda kumwa mowa wa Azungu. Ndinkadziwa. Koma ine zochita pang'onopang'ono sinditha. Ndinayamwa mwamphamvu, vinyo anadzaza m'kamwa, ndinameza.

Anakoka lilime ngati nthudza zosapsa. Panali kafungo ka mtengo wonyowa, kenako kutentha kotsikira pachifuwa. Abulazala anali ataona kholingo langa likuyenda. Ndinati ntchito yatha basi.

"Wameza?"

"Ndameza, abulazala."

"Vinyoyo wasasa?"

Ndinayesa akundinyogodola. Koma iwo anafotokoza kuti kwinini wa malungo anawapha lilime, sakumvanso kukoma kwa chilichonse. Mgolowo unakhalitsa panjira kuchokera ku Beira, ndipo vinyo wosasa sachitira Misa.

"Sanasase," ndinatero. "Kungoti ngwoipa. Masese a azakhali anga amamuposa kutali."

"Mwana wa mkulu wa mpingo, masese uwadziwa bwanji?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ngwotchipa, tisamuyembekezere zambiri. Dzaza mabotolo. Mgolo wina ukadzafika udzalawanso ndiwe, koma kamodzi kokha, wamva?"

M'sitolomo ndinakhala zaka zinayi. Vinyoyo sindinamukonde mpaka lero, ndipo anthu ambiri a nthawi imeneyo ndikadali nawo chifukwa. Koma mzungu wokalambayu anali woyamba kundifunsa kanthu n'kukhulupirira yankho langa, osakafunsanso wina. Sindinawathokoze ali moyo, pakamwa panga mpouma. Zikomo, abulazala.