Dzuwa la Pamwamba pa Kabati

A Makiyi anagwira ntchito pa makina ochekera matabwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, mpaka makinawo anawagonthetsa makutu. Atakalamba, bwana anawachotsa pa makina n'kuwapatsa makiyi a pageti, ndipo dzinali linayambira pamenepo. Ntchito yawo inali imodzi basi: kutsegula 6 koloko m'mawa.

Vuto linali kudzuka. Zenera la kuchipinda kwawo linayang'anizana ndi khoma la nyumba ina, ndiye kunja kukacha, m'kati munkakhalabe mdima. Belu la wotchi linkadzutsa anthu oyandikana nawo okha, pakuti akazi awo nawonso tulo tawo n'tofa nato. Mwezi umodzi anachedwa katatu, amisiri ataima pageti ngati opempha.

"Madala," anatero bwana, "mukadzachedwanso, makiyi mudzasiye patebulopo."

Loweruka mwana wawo wamkazi anabwera ndi wotchi yozungulira ngati mbale.

"Iyi sidalira kulira, ababa. Imawala pang'onopang'ono ngati kunja kukucha, mpaka mudzuke."

A Makiyi anaitembenuza uku ndi uku. Pabokosi panalembedwa 300 lux.

"Malakisiwa ndiye chiyani?"

"Muyeso wa kuwala."

"Thabwa timayeza ndi tepi, misomali pasikelo. Nanga kuwala amakugwira pati?"

Mwanayo anangoseka. Chinthu chodula sachiika pomwe mkono ungachigwetse, choncho anaikweza pamwamba pa kabati, kumapeto kwa chipinda. Lamlungu anaiyesa. Anadzuka 8 koloko, wotchi ikuwalitsa denga.

Madzulo anaitanitsa mkamwini wawo, wokonza zamagetsi. Iye anabwera ndi kachipangizo koyezera kuwala. Atakaika pafupi ndi wotchi, kanalemba 300. Atakaika papilo, kanalemba 7.

"Enawo apita kuti?" anafunsa a Makiyi.

"Sanapite, apongozi. Amwazika m'chipindamu. A fakitale amayezera pafupi, mtunda wosakwana mkono."

"Thabwa la mamita atatu ndikapita nalo kuseri limakhalabe mamita atatu."

"Kuwala si thabwa, apongozi."

"Nanga dzuwa? Lili kutali kuposa kabatiyi, koma limandiwotcha dazi."

Mkamwini anayamba kufotokoza, anakanda mutu, kenako anangokoka kampando n'kuika wotchi pafupi ndi pilo. A Makiyi sanamvetse, ndipo sananame kuti amvetsa.

Lolemba m'mamawa wotchi inayamba kufiira, kenako kuyera. Koma a Makiyi chibadwire amagona chafufumimba, nkhope itakwiririka m'pilo. Malakisi onse anawadumpha n'kukatera pankhope pa akazi awo.

Chigongono cha akaziwo chinawapeza m'nthiti.

"Inu abambo! Tazimitsani dzuwa lanuli, ena tikugona!"

A Makiyi anafika pageti kutatsala mphindi khumi kuti 6 koloko ikwane. Bwana atabwera anapeza potsegula, anayang'ana wotchi yake yapamkono, n'kudutsa.

Makiyi akadali nawo mpaka pano. Amisiri akawafunsa za wotchi ija, amayankha zomwe anaona ndi maso: kuwala amakuyezera pomwe pali nkhope, osati pomwe pali nyale. Wina akafunsa chifukwa chake, amakwinya nkhope.

"Kafunseni mkamwini wanga. Ine chimene chimandidzutsa ndimachimva m'nthitimu."